Mpando Wachitatu wa mu Namzeze

1

Dzina langa ndine Fainala. Kwathu ndi ku Phalombe, koma nkhaniyi ndikuilemba ndili pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Lisasadzi, kuno ku Kasungu. Ngati mukufuna kuseka, sekeranitu pano poyamba, chifukwa banja langa silinathe ndi mowa kapena ndewu ngati a anzanga. Linatha ndi chidole cha zitini.

Ine ndi amuna anga a Yobu tinabwera kuno pa lole, pamwamba pa matumba, kudzagwira utenanti. Amene simukuudziwa utenanti, ndi uwu: bwana amakupatsa munda, mbewu ndi chimanga chodya, iwe n'kupereka msana wako. Sungachoke mpaka fodya atalowa m'mabelo. Chaka choyamba fodya sanatiyanje, ndiye tinati tiyesenso. Chaka chachiwiri tinanenanso mawu omwewo.

Dziko la kuno ndi lathyathyathya. Umaona patali zedi, mpaka fumbi la basi imene ikupita ku Lilongwe, koma iwe osapita kulikonse. Ndinkalakalaka kwathu mpaka mtima kuwawa. Ndinkafuna kungoona phiri la Michesi ndi mayi anga, basi.

Chinthu china chimene muyenera kudziwa n'chakuti tinalibe mwana. Zaka zisanu ndi chimodzi m'banja, akazi anzanga akuitanidwa kuti make uje, make uje, ine ndinali Fainala basi.

A Yobu sankamwa, sankasuta ngakhale fodya yemwe ankalimayo. Matenda awo anali vidiyo. Lamulungu lililonse tikangoweruka ku tchalitchi, iwo ulendo wa ku sitolo, kukalowa m'kachisakasa ka vidiyo ka mnyamata wina dzina lake Chance. Kumeneko kunali filimu imodzi imene inawalodza. Inali ya anthu okhala m'chombo chachikulu choyenda pakati pa nyenyezi, atathawa dziko lawo limene linauma. Womasulira filimuyo m'Chichewa anachipatsa chombocho dzina loti Namzeze, ndipo dzinalo linakanirira pa esiteti ponse.

2

Ine sindinalowepo m'vidiyo. Mkazi wa Mvano sakhala m'kachisakasa kamdima pakati pa amuna onunkha thukuta. Komabe Namzeze ndinkamudziwa kuposa nyumba yanga, chifukwa madoda a pa esiteti akakhala m'chigafa n'kumasoka fodya, nkhani inali imodzi.

Mdani wawo wamkulu wa a Yobu pa nkhaniyi anali mnzawo wapamtima, a Lameki, tenanti wochokera ku Ntcheu, munthu woti ukamuuza kuti kunja kwacha amatuluka kaye kukaona.

“Mapaipi a moto kumbuyo kuja alipo anayi,” ankatero a Lameki.

“Asanu,” a Yobu ankayankha. “Lachisanulo ndi lakufa, lili pansi, n'chifukwa chake siliyaka.”

“Limenelo si paipi, achimwene. Ndi potayira zonyansa.”

“Potayira zonyansa pafupi ndi moto? Inu chimbudzi chanu munakumba m'khitchini?”

Onse kuseka kwakuti gwedegwede, fodya ali m'manja. Wina n'kufunsa chifukwa chimene chombo chili ndi mapiko pomwe kumwambako kulibe mphepo. A Yobu n'kuyankha ngati anachipanga okha, kuti mapikowo si ouluka nawo, ndi owothera dzuwa kuti magetsi asathe. Wina n'kutsutsa kuti chitseko chimatsegukira m'mwamba, wina ayi, chimagwera pansi n'kusanduka makwerero. Chimbale cha filimuyo chinali chokandika, chinkaima pomwe chafunira, ndiye aliyense anali ndi choonadi chake.

Panali kanthu kamodzi kokha kamene sankakangana. Pamimba pa Namzeze panali kachombo kakang'ono kothawira zinthu zikavuta, ndipo onse ankavomereza kuti kali ndi mipando iwiri yokha. Nkhani yonse ya filimuyo, ndinkamva, inagona pamenepo: anthu ndi ambiri, mipando iwiri.

Tsiku lina a Yobu anati, “Kulongolola kwakwana. Ndimupanga Namzeze, mudzaone ndi maso.”

Anayamba kutola zinthu ngati wamisala: zitini za mafuta, zitsekerero za mabotolo, masipoko a njinga, mapesi, waya wa pamabelo. Muyenera kuwadziwa a Yobu. Mzere wa fodya ukakhota pang'ono ankaufafaniza n'kuyambiranso. Sankatha kupanga chinthu chabodza, ngakhale chimene palibe amene adzachione. Phiko lakumanzere la Namzeze linali lopindika pamene mwala unaligunda m'filimumo, ndipo iwo anapinda lawo ndi mwala, malo omwewo. Ine ndinkawanyadira. Ndinkati mwamuna wosanama pa chidole sanganame pa banja.

3

Nthawi yothyola fodya ntchito inatikulira, ndipo mayi anatitumizira mng'ono wanga Feliya kuti adzatithandize kusoka. Feliya ndinamulera ndekha kumsana, bambo athu atamwalira. Atatsika basi ndinalira ngati mwana, chifukwa zovala zake zinkanunkha kwathu.

Anali wanthabwala, wamanja opepuka. Iye yekha ndi amene ankamvetsera a Yobu akamafotokoza za mapaipi.

“Alamu, nanga madzi akumwa amawatenga kuti kumwambako?”

“Eya! Funso lanzeru limenelo. Taona apa, thanki ili pansi pa phikoli.”

Ine ndinkathokoza Mulungu kuti makutu anga apumako. Fodya atatha, Feliya sanabwerere. Ndinamukakamiza ndine kuti atsale, ndinkaopa kukhalanso ndekha.

Loweruka lina ndinamuluka tsitsi ndi ulusi wabuluu umene ndinagula kumsika, ndipo unamukhala kwabasi. Ulusi unatsala pang'ono. A Yobu anaupempha.

“Mukufuna muchite nawo chiyani?”

“Za m'kati mwa chombo,” anatero osandiyang'ana. Ndinawapatsa ndi manja anga awiri.

Patapita nthawi, ndikusesa kuseri kwa nyumba, ndinapeza timipando tosema ndi phesi, tating'ono ngati chikhadabo, atatiyanika pamwala. Ndinawerenga: titatu, kamodzi kochepetsetsa. Pambali pake panali kachombo kothawira kaja, kopangidwa ndi chitini cha nsomba.

“A Yobu,” ndinawaitana, “inu nomwe mumati kachomboka kali ndi mipando iwiri. A Lameki akakusekanitu.”

Anapukuta manja pa thalauza. Kenako anati, “Wachitatuwo ndi wa mwana.”

Tsache linandigwa m'manja. Zaka zonsezo a Yobu anali asanatchulepo mawu akuti mwana pamaso panga. Ndinaganiza kuti munthuyu akadali ndi chiyembekezo mwa ine, wachibisa m'chitini chifukwa pakamwa sipangathe. Ndinalowa m'nyumba n'kugwada, kupemphera misozi ili chuchuchu. Tsiku limenelo ndinawaphera nkhuku yanga yomaliza.

4

Mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, tikuthirira nazale kudambo m'mawa ndi madzulo, mayi anaimba pa foni ya a kapitawo. Mayina a makuponi a fetereza atuluka kumudzi, ndipo la a Yobu lilipo, pa munda wanga umene mayi anandigawira. Tenanti salandira kuponi kuno, si kwawo. Kuti ulandire, uyenera kukaonekera wekha kumudzi kwanu.

Matumba awiri a fetereza pa munda wa kwathu ndiye kuti chimanga, ndipo chimanga ndiye kuti kutsazikana ndi utenanti. Ndinayamba kulongedza tsiku lomwelo.

A kapitawo, a Grey, anatipeza kudambo atanyamula ndodo yawo kumbuyo.

“Mupite nonse? Mayi, ine ndayamba kale ntchito ino. Tenanti akachoka ndi mkazi wake, ameneyo wapita. Mmodzi apite, mmodzi atsale ndi nazale. Atero abwana.”

“Bwana, ndikangoona mayi anga n'kubwera. Feliya atsala azithirira.”

“Feliya sitinalembane naye ntchito. Tinalemba banja la Yobu.”

Ndinayang'ana amuna anga kuti andilankhulireko. Iwo maso anali m'kheni yothirira.

“Kuponi ili m'dzina langa, Fainala,” anatero. “Ndipita ine. Feliyanso ndimutenge, mayi ali okha kumudzi, komanso sakupeza bwino kuno.”

Zinali zoona, Feliya masiku amenewo sankapeza bwino. Ankangogona, fungo la usipa linkamuthamangitsira kuseri, ndipo ankati ndi malungo. Ine, mkazi wamkulu ndi mano onse m'kamwa, ndinkamuphikira phala n'kumamuuza kuti madzi a kuno ndi oipa. Mwina munthu amene sanatengepo pathupi saziona zinthu zimenezi. Mwina sindinkafuna kuziona.

Ndinamasula katundu wanga. Chitenje chimene ndinasungira mayi ndinachiika m'chikwama cha Feliya.

5

Ulendo unali wa Lolemba. Lamulungu lake kunali mpikisano. Chance uja, poona kuti anthu ambiri ayamba kupanga zombo, analengeza kuti amene wapanga Namzeze wofanana ndendende ndi wa m'filimu azionera vidiyo ulere mpaka fodya adzagulitsidwe. A Yobu sakanachoka osaonetsa chombo chawo. Akanalola kuphonya basi ya ulendowo, osati mpikisano.

Linali tsiku la msika, anthu anali pikitipikiti. Ndinapita nawo, nditavala duku langa labwino. Feliya anakana, koma ndinamukoka kuti akapitidwe mphepo. Zombo anaziyala pabenchi pakhonde pa vidiyo. Zina zinali ngati mabeseni, china ngati nsomba youma. Cha a Yobu chinali chachitali ngati mkono wanga, chonyezimira, ndipo anthu atachiona anangoti kukamwa yasa.

Anthu anasankha a Lameki kukhala woweruza, popeza iwo sanapange chawo, ankati manja awo ndi a khasu koma maso awo ndi a filimu. Anachizungulira chombocho manja ali kumbuyo.

“Mazenera... ali bwino. Phiko lopindika... eya. Miyendo itatu. Paipi lachisanu lija mwaikabe?”

“Lilipo chifukwa lilipo,” anatero a Yobu.

“Tizikambirana kumwamba zimenezo. Tsopano kachombo kothawira.”

A Yobu anatambasula dzanja. “Ako musatsegule. Za m'kati sizili pa mpikisano.”

“Sizili pa mpikisano? Inu amene munandinyoza chaka chonse chifukwa cha chitseko? Anthuni, mwamva?”

Anthu anakuwa kuti atsegule. Ngakhale ine ndinakuwa nawo, ndikuseka, chifukwa ndinkadziwa chimene chili m'katimo ndipo ndinkafuna dziko lonse lichione. A Lameki anatsomphola kachomboko pamimba pa Namzeze, n'kutsegula kachitseko ndi chikhadabo. Anasuzumira, nkhope yawo n'kuwala ngati mwana amene wagwira mbewa.

“Ndamugwira! Mipando itatu! M'filimu ndi iwiri, achimwene, iwiri! Ndipo mwaikamo anthu. Tiyeni tiwaone anthu ake.”

Anakhuthulira m'dzanja lawo, n'kukweza m'mwamba kuti aliyense aone. Tinali tianthu tadothi. Kamwamuna kanali ndi chipewa chong'ambika mbali imodzi, ndipo anthu anaseka chifukwa chipewa chenichenicho chinali pamutu pa a Yobu. Kamwana kanali kokulungidwa m'kansanza. Kenako a Lameki ananyamula kamkazi ndi zala ziwiri.

Kanalibe duku. Ine chilowereni m'banja sindinatulukepo panja wopanda duku. Kumutu kwake kunali timizere ta ulusi wabuluu, tolukidwa bwinobwino chobwerera kumbuyo, momwe ndinalukira ine.

Kuseka kunatha pang'onopang'ono, kuyambira kwa amayi. Mitu inatembenuka, kundidutsa ine, n'kukaima pa Feliya. Iye anali ataika manja onse awiri pamimba.

A Lameki okha ndi amene anali asanamvebe. “Komanso m'filimu mulibe mwana,” ankapitiriza. “Mwana ameneyu wachokera kuti?” Atakweza maso n'kuona kumene anthu akuyang'ana, anatsitsa dzanja n'kutifumbata tianthuto.

6

Sindikumbuka mmene ndinafikira kunyumba. Ndimakumbuka Feliya atagwada pakhomo, mawondo ali m'fumbi.

“Achemwali, ndikhululukireni. Ndinkafuna kukuuzani.”

“Liti? Pa ubatizo?”

Analira mpaka kusanza. Ndinadzipeza ndikumupatsa madzi, chifukwa manja amene analera munthu samva msanga kuti zinthu zasintha. Zimenezi zimandikwiyitsa mpaka lero.

A Yobu anaima potero, chipewa chili m'manja.

“Bwanji simunangoikako duku?” ndinawafunsa. Pa mafunso onse amene mkazi angafunse, langa linali limenelo. “Kansanza kokha, a Yobu. Palibe akanadziwa. Inenso ndikanakhala chitsiru chosangalala.”

“Sikakanakhala iyeyo,” anayankha chapansipansi. “Sindinakunamize, Fainala. Unandifunsa za mpando, ndinakuuza.”

“Mubwerako?”

Munthu wosatha kunama uja anangotseka pakamwa.

Ndinathamangira kwa a Grey kukawauza kuti a Yobu akapita sadzabwera, awaletse, kapena andilole inenso ndichoke. A Grey anakanda chibwano. Anati chilolezo anapereka kale abwana, ndipo za m'banja si za esiteti. Anati mbande zili pafupi kuokedwa, munda wa Yobu uyenera kukhala ndi mwini wake, ndipo mwini wake tsopano ndine. Ndikaulima mpaka m'mabelo, lole idzanditula kwathu ngati wina aliyense. Ndikausiya, ndidziwe njira ya ku Phalombe wapansi.

Lolemba m'mawa ndinali kudambo ndi makheni awiri. Paja ndinati kuno umaona patali. Ndinawaona akuyenda m'njira ya kumsewu, wina patsogolo wina pambuyo, chikwama chili pamutu, mpaka anasanduka timadontho. Fumbi la basi ndinalionanso.

7

Mvula yoyamba itagwa, a Lameki anabwera kwanga atanyamula chinthu chokulungidwa m'thumba la fetereza. Chichitikireni zija ankandizemba. Anakhala pansi chapatali, n'kuvula chipewa.

“Mlamu, chombo chija chinatsala kwa Chance. Ana amachiseweretsa. Ndati ndibwere nacho kwa eni ake.” Anaika thumbalo patsogolo panga. “Ine ndinkangofuna kuwina mkangano. Sindinkadziwa.”

“Kachombo kakang'ono kaja kali kuti?”

“Anatenga a Yobu.”

Ndinayang'ana Namzeze, pamimba pake pali dzenje. Funso linangobwera lokha.

“A Lameki, inu mumaidziwa filimuyi. Awiri aja atathawa, otsala m'chombo chachikulu zinawathera bwanji?”

Anaganiza mofatsa, monga ankachitira ndi mafunso onse okhudza Namzeze. “Sationetsa, mlamu. Kamera imatsata kachombo kakang'ono. Chachikulucho sichionekanso.”

Atapita ndinachinyamula kuti ndikachiponye m'dzala. Dzuwa linalowa pa kazenera ka kutsogolo, ndipo ndinaona kuti m'katimo muli kanthu. Ndinakanula denga lake ndi mpeni.

M'chipinda choyendetsera chombo, chimene palibe aliyense akanachiona, munaima kamkazi kadothi. Kanali ndi duku loyera, lomangidwa kumanzere momwe ndimamangira. Pamkono pake anakanda kachipsera kamene ndinapsa ndi phala ndili mwana. M'dzanja lake munali kakheni kothirira ka chitsekerero cha botolo, kokhala ndi timabowo ta madzi. Palibe chidole chimene anachisamalira ngati chimenechi. Amuna anga ankandidziwa mpaka chipsera, ndipo anandiika pamalo panga miyezi yambiri kuponi isanatuluke.

Ndinayesa kukanyamula. Kanakana. Tianthu ta m'kachombo kothawira tija tinagwera m'dzanja la a Lameki mosavuta, koma aka anakamata ndi guluu womatira machubu a njinga, kuti chombo chikagwedezeka kasasunthe. Ndinalowetsa mpeni pansi pake n'kukanyamulira m'mwamba. Kanachoka, koma mapazi ake anatsalira momwemo.

Owerenga anzanga, pamene ndikulemba izi fodya wanga ali m'chigafa. Ndinaoka ndekha, ndinapalira ndekha, ndasoka ndekha. Mayi anaimba kuti mwana anabadwa, wamwamuna, ndipo chimanga pa munda wanga uja chabereka kuposa kale lonse, fetereza anagwira. Akuti ankhoswe akudikira ine kuti nkhani ikambidwe, koma akutinso ndiganizire kuti mwanayo ndi magazi athu. Lole idzabwera mabelo akatha. Zaka zitatu ndakhala ndikuilota lole imeneyi, ndipo tsopano ndikamva galimoto kumsewu ndimapemphera kuti isakhale iyo, chifukwa idzanditula pakhomo pomwe pali iwowo.

Sindikuuzani kuti muziopa abale anu, kapena kuti muziletsa amuna anu vidiyo. Ndingoti ine ndinkayesa kuti mwamuna wosanama ndiye mwamuna wabwino. Wanga sanandinamizepo ngakhale kamodzi. Anandiuza zonse, ndi zitini ndi ulusi, kuseri kwa nyumba yanga, dzuwa likuwala, ine n'kumuphera nkhuku. Mwamuna wanu akakhala ndi kanthu kamene amakasamalira ali chete, musangonyadira luso lake. Suzumiranimo, muone pamene wakuikani.

Kamkazi kaja ndimayenda nako, ndinakamanga pa mfundo ya chitenje changa. Sikangathe kuima kokha, koma m'chombo muja sikalinso.